Manja a Profesa Ali M'thumba

Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, choncho mtima wanga unazolowera zoopsa. Munthu akhoza kuponda mafuta m'malo mwa buleki tili pafupi ndi mpanda wa eni, ine n'kungoti, "Tiyeni tibwerezenso, mayi." Koma mlongo wanga yekha ndiye amatha kundipsetsa mtima mpaka makutu kulira. Kwathu timamutchula kuti Profesa. Dzinali analitenga ali mwana, pamene ankavala magalasi a waya opanda galasi n'kumatifotokozera chifukwa chake nyerere sizigundana panjira. Tsoka lathu, atakula anakhaladi profesa, ndiye panalibenso womuuza kanthu.

Tsiku limene ndinadziwa kuti banja lake lili pamoto kunkagwa mvula. Ndinali nditamaliza ndi wophunzira wina pafupi ndi nyumba yosanja imene mlongo wangayo amakhala, ndiye ndinati ndikwere ndikabwereke ambulera. Ananditsegulira ndevu zili nyankhalala, mabatani a malaya atamanga mophonyanitsa. Pabalaza panali maambulera ambirimbiri, koma yabwino panalibe ndi imodzi yomwe. Ina inali yothyoka nthiti, ina yong'ambika nsalu, ina itagona chagada pansi pa tebulo ngati nkhuku yofa.

"Kunabwera akuba?" ndinafunsa.

"Ayi achemwali. Timakambirana za ntchito."

"Alamu ali kuti?"

"Ku labu."

"Abwera nthawi yanji?"

Anayang'ana kudenga. "Anatenga sutikesi."

Ndinakhala pa sofa. Mlamu wangayo ndimamukonda, ndipo sindibisa. Ndi munthu yekhayo padziko pano amene amatha kumvetsera mlongo wanga kuyambira pa tiyi wam'mawa mpaka pogona osakomoka. Awiriwa anakumana ali pasukulu, amagwira ntchito mu labu imodzi, pa tebulo limodzi, ndipo onse amafufuza za kachilombo ka HIV. Ife tinkati Mulungu anawapatsana dala kuti ena tonsefe tipume.

"Pali mkazi wina?"

"Mwatani kodi achemwali?"

"Wayamba mowa?"

"Ayi."

"Nanga walakwa chiyani?"

"Ine? Iyeyo ndi amene akunena kuti umayamba kutseguka ndi mkono umodzi."

"Mkono wa ndani?"

Ndinalakwitsa kufunsa. Anakankhira magalasi m'mwamba, n'kutola ambulera imene inali ikupumako pang'ono, ine n'kudziwa kuti phunziro layamba.

"Kachilombo kameneka kali ngati kampira," anatero. "Pakhungu pake pali timinga tochepa. Kamunga kalikonse ndi mapuloteni atatu ofanana ogwirana pamodzi, ife timangoti mikono itatu. Imakhala yofumbatana ngati ambulera yotseka, kuti asilikali a m'thupi asaone zam'kati. Kachilombo kakafika pa selo la munthu, kamunga kamagwira kachogwirira kena ka pakhungu la selolo, dzina lake CD4. Pamenepo mikono ija imatseguka, imagwiranso pena pachiwiri, kenako m'kati mumatuluka kamkondo. Kamabaya khungu la selo, n'kupindika, kukoka kachilombo ndi selo mpaka makungu awo aphatikizana. Basi, kalowa."

"Ndiye ngati kalowa, inu mukulimbirana chiyani?"

"Katsegukidwe kake!" Anadina ambulera ija, n'kutseguka kuti phwa, kutsala pang'ono kundichotsa diso. "Mwaona? Yonse nthawi imodzi. Ndakhala ndikulemba zimenezi chimalizireni sukulu. Anthu amandidziwa ndi zimenezi. Lero iye akuti ayi, umayamba umodzi, inayo imatsatira pambuyo."

Ndinamva kuti mlamu wanga, pofuna kumuonetsa za mkono umodziwo, ankathyola nthiti za ambulera kuti itseguke mbali imodzi. Mlongo wanga ankapita kukagula ina kuti amuonetse zakezo. Wogulitsa maambulera wa pakona anali atayamba kuwapatsa moni wa manja awiri.

Ndinatsika masitepe ndikutukwana chamumtima, ndipo ndinakafika kunyumba nditanyowa mpaka m'nsapato.

M'mawa mwake ndinapita ku labu. Anandiveka chovala choyera chofika m'maondo, nsapato zanga n'kuziveka timapepala tapulasitiki, ndiye ndinkayenda ndikuchita tswatswatswa ngati ndikubisa masiwiti. Chipindacho chinali chozizira, mafiriji ali ndandanda kukhoma, onse akung'ung'udza. Pansi pa tebulo panali sutikesi ija. Mswachi unali m'kakapu kagalasi kokhala ndi mizere yoyezera, ndipo pa mipando iwiri yolumikiza panali bulangete lopinda bwinobwino.

Mlamu wanga ndi munthu wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa. Ndinalephera kumuphunzitsa kubwerera m'mbuyo ndi galimoto chifukwa chilichonse chimene ndinkamuuza ankafuna aone kaye umboni wake. Atandiona anandikumbatira, kenako anandikokera pa kompyuta.

"Alamu, taonani ichi. Mukuona chiyani?"

"Phulusa."

"Onetsetsani apa."

Ndinatsinzina diso limodzi. Pakati pa phulusalo panali kanthu ka nsonga zitatu, ndipo nsonga imodzi inali itatukukako, ngati mwana wasukulu amene akukweza dzanja koma yankho sakulikhulupirira.

"Mwina ndi mkono," ndinatero. "Mwinanso ndi litsiro."

"Ndi zimene akunena a Dokotala." Awiriwa akayambana amatchulana kuti a Dokotala, ndipo ulemu ukachuluka ndiye kuti zinthu zafika poipa. "Ndipo mwina akunena zoona. Chithunzichi n'chosaoneka bwino, inenso ndikudziwa. Koma ngati ulidi mkono, alamu, ndiye kuti pali kanthawi kamene kamunga kamakhala katatsegukako koma kasanabaye. Pamenepo mankhwala kapena katemera akhoza kukagwira pakhosi. Ndikungofuna chithunzi chooneka bwino."

"Ndiye jambulani china."

Anapumira m'mwamba n'kunditengera pa tebulo lina. Anandionetsa kachitsulo kozungulira kokhala ngati sefa, kakang'ono kuposa batani la malaya a khanda. Anati amakagwira ndi kopanira, n'kudonthezerapo kadontho ka madzi okhala ndi timinga tija, n'kukapukuta pang'ono ndi pepala, kenako n'kukamiza mwamsanga m'madzi ena ozizira koopsa, amene utsi wake m'malo mokwera umatsikira pansi. Timinga timauma gwa mmene tinalili, kaya mkono uli m'mwamba kaya pansi, ndiye makina aakulu amatijambula. Ukapukuta pang'ono, madzi amaundana mochindikala, suona kanthu. Ukapukuta kwambiri, zonse zimauma n'kuwonongeka.

"Zimafuna manja," anatero, n'kundionetsa kabokosi kodzaza ndi tizitsulo topindika. "Awa angawa amanjenjemera chibadwire. Achimwene anu aja, kaya mutu wawo uli bwanji, koma manja awo palibe wofanana nawo m'nyumba muno. Chiyambire iwo amaumitsa, ine ndimayang'ana. Ngakhale chithunzi mwaonachi anaumitsa ndi iwo, asanadziwe chimene chituluke. Atangochiona, basi manja m'thumba. Amadutsa apa m'mawa, manja m'thumba. Tiyi amamwa ndi dzanja limodzi, linalo m'thumba."

"Nanga anzanu enawa?"

"Iwo ndi bwana muno. Ndikangopempha munthu, dzanja layamba kumupweteka."

Ndinapinda mikono ya chovala choyera chija. "Bweretsani kuno. Manja awa alanda chiwongolero kwa anthu amantha zaka zonsezi."

Ndinagwira kopanira bwinobwino, kachitsulo kali phee kunsonga. Mlamu wanga anatsegula chidebe cha madzi ozizira aja, utsi n'kundilowa m'mphuno. Ndinayetsemula kamodzi kokha. Tinakafuna pansi pa tebulo, kuseri kwa firiji, m'matumba a chovala, osakapeza. Ndinakakapeza kunyumba posamba, kali m'tsitsi.

Koma ndisanachoke, mlamu wanga anandiuza chimene chinandisowetsa mtendere. Labu ina ya kudziko lakutali inali itamuitana. Kumeneko kuli anthu a manja awo, ndipo palibe amene anakwatirana naye.

"Loweruka ndikatenga zovala zotsala," anatero. "Sindikudandaula kuti akunditsutsa, alamu. Kutsutsana ndiye ntchito yathu, tinakondana tikutsutsana. Koma munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi wandibisira manja."

Misozi inalengeza m'maso mwake, ine mtima n'kundiwawa. Ndinatuluka osavula timapepala ta kunsapato, ndipo mlonda anachita kundithamangira.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye Loweruka ndinatenga amayi ndi amalume. Amayi ndi a maondo ovuta, masitepe a nyumba ija anakwera akudandaulira sitepe iliyonse payokha. Amalume anali oimbira mpira asanapume pantchito, ndipo mpaka lero wezulo sachoka pakhosi pawo. Amakhulupirira kuti palibe mkangano umene sungathe munthu akaimba wezulo mokwanira.

Tinapeza mlamu wanga akupinda zovala kuchipinda, mlongo wanga ataima pawindo, manja m'thumba. Amalume anaimba wezulo, onse n'kubwera pabalaza.

"Aliyense alankhula nthawi yake," anatero amalume. "Wolowerera mnzake atuluka m'bwalo. Profesa, yamba."

Profesa anayamba. Analankhula za mapuloteni, za shuga amene amakuta timinga, za anthu a kumisonkhano amene anamuombera m'manja. Amayi anayamba kuwodzera, chikwama chili pamiyendo. Atamaliza, mlamu wanga ananena zake mwachidule, koma mlongo wanga anamulowerera katatu, amalume n'kumuonetsa chivundikiro chachikasu cha botolo chimene anatola pa tebulo.

Amayi anadzidzimuka. "Ine sindinamvepo kanthu. Kodi kachinthuko simungatisonyeze?"

"N'kakang'ono kwambiri, amayi," anatero mlamu wanga.

"Ndiye kakulitseni."

Maso a mlongo wanga anawala, ine n'kudziwa kuti tapalamula. Anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi shiti ya pabedi. Anatiimiritsa atatufe, ine, amayi ndi amalume, motsamirana misana. Anatizunguliza shiti ija m'chiuno kawiri n'kumanga mfundo pakati pa misana yathu, pamene panalibe dzanja la aliyense lofikapo. Ine ndinayang'ana kuwindo, amalume kukhoma, amayi ku kabati ya mbale.

"Inu atatu ndinu kamunga," anatero. "Aliyense ndi mkono. Pindani manja pachifuwa, ndiye kuti mwatseka. A Dokotala akhala selo." Anapatsa mkazi wake mopu. "Ndodo iyi ndi CD4. Ikangokukhudzani, nonse mukweze manja nthawi imodzi."

"Ine pa msinkhu wanga ndikhale kachilombo?" anafunsa amayi.

"Kamunga chabe, amayi."

Mlamu wanga anabwera mwaulemu n'kukhudza amayi paphewa ndi ndodo ya mopu. Amayi anakweza manja. Ine ndinkaonera njiwa pawindo. Amalume ankawerenga kalendala ya pakhoma.

"Amalume! Achemwali! Bwanji simunatsegule?"

"Ine wandikhudza ndani?" anafunsa amalume. "Ndili ndi maso kunkhongo ine?"

Mlamu wanga anayang'ana pansi, koma mapewa ake ankagwedezeka.

"Tibwereze. Amalume, mukamva kuti amayi akhudzidwa, imbani wezulo," anatero mlongo wanga.

"Ndimva bwanji?"

"Mumva pamsana."

Amalume anamva pamsana ndodo isanafike n'komwe, chifukwa amayi anadzikanda. Wezulo analirira m'khutu mwanga mwenimweni. Ine ndinakweza dzanja limodzi kuti nditseke khutulo, amalume anakweza onse awiri ngati chigoli chalowa, amayi anakuwa kuti "Mayo!" n'kufuna kukhala pansi, tonse n'kupendekera ku kabati. Mbale zinalira m'katimo, koma sizinasweke.

"Simukuikapo mtima!" anakalipa mlongo wanga. "Ndiwerenga ine. Ndikati tatu, nonse m'mwamba."

"Pa tatu penipeni, kapena ukamaliza kunena tatu?" ndinafunsa, ndipo ndinafunsa dala.

Anatiyesa, natiyesanso. Pena amayi ankachedwa chifukwa phewa lawo limafuna kulichonderera. Pena amalume ankafulumira, akuti woimbira wabwino amaona cholakwa chisanachitike. Pena ine ndinkangokhala, kuti ndione mtsempha wa pachipumi pake ukutupa. Thukuta linayamba kutsika pakati pa misana yathu, ndipo panalibe wodziwa kuti ndi la ndani. Woyandikana nawo nyumba anagogoda khoma. Mlongo wanga anavula jekete, n'kukwera pa mpando, akuwerenga ndi manja onse awiri ngati wotsogolera kwaya.

Kenako, mwina chifukwa chotopa, zinatheka. Anati tatu, manja athu onse n'kukwera pamodzi.

"Eyaa!" Analumpha kuchoka pa mpando. "Mwaona? Mwaona, a Dokotala? Yonse nthawi imodzi! Amalume, mwaona?"

"Ndikuona khoma," anatero amalume.

Mlamu wanga anatsamiritsa mopu pa sofa. Sankasekanso.

"A Dokotala, anthu atatu m'shiti si umboni. Poyamba paja zinakomera ine, koma sindinanene kanthu, chifukwa nazonso sizinali umboni. Inuyo ndi amene munandiphunzitsa zimenezo. Ine sindikufuna kuti muvomere. Ndikufuna chithunzi."

"Nanga chikaonetsa zanuzo?" Mawu ake anali atatsika. "Ine ndidzakhala ndani? Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu bodza?"

"Chikaonetsa zanu, wopusa ndidzakhala ine, ndipo ndidzaima pamaso pa anthu n'kunena. Ine ndakonzeka. Amene mukuopa ndinu."

Manja a mlongo wanga anatsika pang'onopang'ono n'kulowa m'matumba a thalauza. Mlamu wanga anawayang'ana mpaka atalowa onse. Kenako analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi sutikesi. Anagwada pang'ono pamaso pa amayi.

"Amayi, mundikhululukire. Munandisunga ngati mwana wanu."

Anatsegula chitseko n'kutuluka. Tinamva sutikesi ikugunda masitepe, gu, gu, gu, kutsika.

"Iwe, mutsatire!" ndinakuwa. Profesa anangoima ngati mtengo wa magetsi. "Ndiye timasule timutsatire ife!"

Sanasunthe. Ndinaiwala kuti ndine mkono wa kamunga, ndinangoyamba kuthamangira kukhomo. Amayi ndi amalume anabwera nane chifukwa analibe kochitira, wina chammbali, wina chobwerera, amalume akuimba wezulo kuti ndaphwanya malamulo. Tinagwetsa mpando, tinaponda ambulera, tinafika pakhomo. Ine ndinatuluka. Amayi ndi amalume sanatuluke. Tinatsakamira pamenepo ngati sofa ya tsiku losamuka, ine nkhope ili panja pakhonde la masitepe, awiriwo ali m'kati, aliyense mphuno pafupi ndi felemu lake.

"Kokani mimba, amalume!"

"Ndakoka kale! Imeneyi ndi yotsala!"

Ndinatukwana mlongo wanga mawu amene sindingawalembe pano. Ndinamuuza kuti ndi mbuzi ya magalasi. Ndinamuuza kuti adzakalamba yekha akulankhula ndi mafiriji. Zonsezi ndinkauza masitepe, chifukwa kutembenuka sindikanatha.

Amene analankhula anali amayi. Sanakweze mawu, ndipo nkhope yawo inali itayang'ana felemu la chitseko.

"Profesa, uli pomwepo?"

"Ndili pano, amayi."

"Ukukumbuka tsiku lija tinkachokera kuchipatala, ine nditanyamula bulangete la mkulu wako, mwini wake titamusiya komweko?"

Amalume analavula wezulo. Kwathu nkhani ya achimwene athu aakulu sitiikamba. Anapita ndi matenda omwewa nthawi imene mankhwala anali asanafike kwa anthu ngati ife, Profesa akadali pasukulu.

"Unandigwira dzanja m'basi muja," anapitiriza amayi. "Unati, amayi musalire, ine ndidzapeza mmene kachinthu kameneka kamalowera mwa munthu. Ine ndinakukhulupirira, mpaka lero ndimauza anthu. Sunanene kuti udzapeza mmene iweyo ungakhalire wolondola. Tsono mwana wa eni wakupezera poyambira, iwe ukuumira manja. Manja amenewo ndinakusambitsa ndine, ndipo sindinawasambitsire m'thumba."

Kenako ndinamva mapazi kumbuyo kwathu.

"Ndidutse," anatero, mawu ali osasa.

"Udutsa pati?" anafunsa amalume. "Timasule kaye."

Anayesa mfundo ija, koma tinali titaikoka mpaka inalimba ngati mwala, ndiponso inali itapanikizika pakati pa misana itatu. Sanataye nthawi kufuna sizasi. Ndinangomva chinthu chikundikankha m'miyendo, poyang'ana pansi n'kuona mutu wa profesa wa dziko lonse ukutuluka pakati pa maondo anga, magalasi atalendewera kukhutu limodzi. Anakwawa mpaka pakhonde, anadzuka, n'kutsika masitepe awiriawiri, kuphazi kuli silipasi imodzi.

Pakhonde la masitepe pali windo loyang'ana kumsewu, ndipo mwa atatufe ine ndekha ndi amene ndinkaona.

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa amayi.

"Alamu aima pa siteji ya basi. Basi ikubwera."

"Iye ali kuti?"

"Watuluka pageti. Akuthamanga. Silipasi ija yavuka."

"Asaitole!" anatero amalume. "Asewere choncho!"

"Sanaitole. Wafika. Wagwira sutikesi. Alamu akukoka, iyenso akukoka."

"Chitsiru," anatero amayi. "Akanayamba ndi pakamwa."

"Wasiya. Basi yaima, kondakitala akuwafunsa. Alamu aika phazi limodzi pakhomo la basi."

Pamenepo ndinasiya kaye kufotokoza. Mlongo wanga sankalankhula, milomo yake ndinkaiona. Anangotambasula manja onse awiri kutsogolo, zikhatho m'mwamba, pamaso pa mkazi wake, pa kondakitala ndi pa anthu onse a m'basi. Ndipo manja aja, amene labu yonse imawatama, ankanjenjemera moti ndinkaona ndili pamwamba pomwe.

"Iwe, lankhula!" amayi anandigunda ndi chigongono.

"Watulutsa manja, amayi."

"Onse?"

"Onse. Koma akunjenjemera. Ndi manja amenewo sangaumitse kanthu."

"Nanga mkazi wake?"

"Akungowayang'ana. Kondakitala akumenya basi. Alamu atsitsa phazi lija. Awagwira, amayi. Awagwira onse awiri, akudikira kuti asiye kunjenjemera."

Basi inanyamuka yopanda iwo. Anaima choncho kanthawi, anthu akuwalambalala. Kenako mlongo wanga ananyamula sutikesi n'kuiika paphewa, awiriwo n'kuyamba kuyenda.

"Akubwera kuno?" anafunsa amalume. "Mwendo wanga wachita dzanzi."

"Ayi. Alowera njira ya ku labu."

"Wopanda nsapato?"

"Wopanda nsapato."

"Nanga ife atimasula ndani?"

Msana wa amayi unayamba kugwedezeka pamsana panga, pang'onopang'ono kenako kwambiri. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo nkhope yawo sindikanatha kuiona. Ndinapisa dzanja kumbuyo, pansi pa shiti, mpaka ndinapeza lawo, n'kuligwira.